Mapilisi a mavitamini sachedwetsa ukalamba

Kuno ku Angónia ambiri amakhulupirira kuti kumeza mapilisi a mavitamini tsiku lililonse kumachedwetsa ukalamba. Maganizowa sanangobuka. Mu 1956 wasayansi wa ku America Denham Harman ananena kuti timakalamba chifukwa cha tizinthu totchedwa ma free radical, tomwe timawononga maselo.

Choncho anthu anaganiza kuti mavitamini olimbana ndi tizinthuti angachedwetse ukalamba. Koma atayesa mapilisiwa pa anthu, zinakanika. Kafukufuku wa ku Finland wa 1994 anapeza kuti pa amuna osuta fodya, amene ankamwa mapilisi a beta-carotene, chinthu chimene thupi limasandutsa vitamini A, ndiwo anadwala kwambiri khansa ya m'mapapo. Thupi limadzipangira lokha mankhwala otchedwa ma enzyme othana ndi ma free radical, ndipo tizinthuti tikakhala tochepa timathandiza minofu kuzolowera ntchito.

Zimandipweteka kuona agogo akuthera ndalama ya mbatatesi pa kabotolo. Bola agule nyemba ndi mapichesi a ku Tsangano, asiye fodya, achepetse mchere, akayezetse BP ku Ulónguè.