Kuziziritsa motherboard ndi madzi: mbali imene ambiri amaiwala

Anthu ambiri amene amadzimangira okha kompyuta yapatebulo akamva za kuziziritsa makina ndi madzi, maganizo awo amathamangira pa purosesa, imene ndi ubongo wa kompyuta, ndi khadi la zithunzi basi. Komatu pa motherboard, bolodi lalikulu lija limene zida zonse zimalumikizidwapo, pali tizida tina timene timatentha kwambiri, ndipo munthu akaika madzi m'kompyuta mosaganizira bwino, tizida timeneti ndi timene timayamba kuvutika.

Mukatsegula kompyuta n'kuyang'ana kumanzere ndi kumtunda kwa purosesa, muona timabokosi totuwa tondandalikana, ndipo pambali pake pali chitsulo chokhuthala chimene chaphimba tizida tina takuda topyapyala. Chigawo chimenechi chimatchedwa VRM. Ntchito yake ndi kulandira magetsi a mavoliti 12 ochokera m'bokosi la magetsi la kompyuta n'kuwatsitsa kufika pa voliti imodzi ndi pang'ono, amene purosesa imafuna. Tizida takuda tija ndi ma MOSFET, amene amatsegula ndi kutseka njira ya magetsi kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo pochita zimenezi mphamvu ina imatayika n'kusanduka kutentha.

Kutentha kumeneku sikochepa ayi. Purosesa ya Intel Core i9-14900K imaloledwa kukoka mawati 253 ikakhala pa ntchito yolemetsa, kutanthauza kuti pa mavoliti 1.25 magetsi odutsa mu VRM amafika pa ma ampu pafupifupi 200. Ngakhale gawo limodzi lokha mwa magawo 10 a mphamvu imeneyi litatayika, ndiye kuti mawati oposa 20 akutentha pamalo osaposa kukula kwa zala ziwiri. VRM ikatentha mopitirira muyezo, bolodi limachepetsa liwiro la purosesa kuti lidziteteze, ndipo mwini kompyuta amadabwa kuona makina akuchedwa pamene purosesa yeniyeniyo ikuonetsa kuti ndi yozizira.

Apa ndi pamene pagona vuto limene ndimafuna kuti aliyense alimvetse asanagule chilichonse. Choziziritsira cha fani chimene chimakhala pamwamba pa purosesa chimapemerera mphepo ku tizida tonse toyandikana nayo, kuphatikizapo VRM. Mukachichotsa n'kuikapo choziziritsira chamadzi chogula chomangamanga kale, chija amati AIO, purosesa imazizira ndithu, koma mphepo ija imatha, ndipo VRM imatsala pamalo opanda mpweya woyenda. Pa bolodi lotchipa lokhala ndi ma MOSFET ochepa, kusintha kumeneku kungachititse kuti kompyuta iziyenda moipa kusiyana ndi kale.

Madzi amathandiza chifukwa amasunga kutentha kochuluka. Galamu imodzi ya madzi imafuna majulu (muyezo wa mphamvu) pafupifupi 4.2 kuti itenthe ndi digiri imodzi, pamene mpweya umafuna julu imodzi yokha, ndipo tikayerekezera lita ya madzi ndi lita ya mpweya, madziwo amanyamula kutentha kowirikiza koposa 3,000. Kayendedwe kake n'kofanana ndi ka m'galimoto: pampu imakankha madzi kudutsa m'chitsulo cha mkuwa chimene chagona pa chida chotentha, madziwo amapita ku radiyeta, mafani amachotsa kutenthako, kenako madzi amabwereranso.

Pofuna kuti madzi afike pa VRM, opanga zida anakonza chitsulo chimodzi chachikulu chotchedwa monoblock, chimene chimaphimba purosesa ndi VRM pamodzi. Kampani ya EK ya ku Slovenia ndi imodzi mwa zodziwika popanga zimenezi, ndipo ASUS inatulutsanso mabolodi a mtundu wa Maximus Formula amene chitsulo chake cha VRM chimabwera ndi njira ya madzi kale. Monoblock iliyonse imapangidwira bolodi la mtundu umodzi, choncho mukadzasintha bolodi nayonso imatha ntchito. Poika pamafunika kusamala kwambiri ndi timapadi tofewa timene timakhala pakati pa ma MOSFET ndi chitsulocho. Timapadito tikakhala topyapyala kuposa mmene wopanga ananenera sitikhudza chitsulo, ndipo tikakhuthala timanyamula monoblock yonse moti pakati pake sipagonanso bwino pa purosesa.

Za chipset, kachida kena ka pa bolodi kamene kamalumikiza purosesa ndi zida zina, sindichedwapo. Ngakhale chipset ya X570 ya kampani ya AMD, imene inatuluka mu 2019 mabolodi ake ambiri ali ndi kafani kakang'ono, imatulutsa kutentha kochepa kwambiri poyerekeza ndi VRM, ndipo kuipititsira madzi n'kungowonjezera malo amene angadonthe.

Kudontha ndiye ngozi imene aliyense amaopa, ndipo kumapeweka poyesa mapaipi kwa maola angapo pampu yokha ikuyenda, bolodi lisanalumikizidwe ku magetsi, mutayala mapepala ofewa pansi pa mfundo iliyonse yolumikizira mapaipi kuti dontho lionekere msanga. Koma pali ngozi ina yobisika imene imabwera pang'onopang'ono. Mukaphatikiza mkuwa ndi aluminiyamu m'njira imodzi ya madzi, aluminiyamuyo amadyeka, ndipo zinyenyeswa zake zimatseka timizere ting'onoting'ono ta m'chitsulo cha purosesa. Madzi apampopi nawonso sayenera kulowamo chifukwa amasiya mchere ndiponso amameretsa ndere. Pamafunika madzi otchezedwa osakaniza ndi mankhwala oletsa ndere ndi dzimbiri, ndipo ndi bwino kuwasintha pafupifupi kamodzi pa chaka.

Tisaiwalenso kuti radiyeta singaziziritse madzi kuposa mpweya wa m'chipinda. Mwezi wa Okutobala, chipinda chikafika madigiri 35, madzi a m'kompyuta amakhala pamwamba pa 35, ndipo fumbi la nyengo imeneyi likadzaza m'mano a radiyeta, phindu la madzi limachepa kwambiri.

Maganizo anga ndi akuti monoblock imayenera munthu amene ali ndi purosesa yokoka magetsi ambiri, yomwe imagwira ntchito yolemetsa kwa maola ochuluka monga kukonza mavidiyo, kapena amene amaiyendetsa mopitirira liwiro limene wopanga anaika. Wina aliyense ayambe watsegula pulogalamu ngati HWiNFO, imene pa mabolodi ambiri imaonetsa kutentha kwa VRM, n'kuilemetsa kompyuta kwa theka la ola. Ngati nambalayo ikukhala pansi pa madigiri 80, palibe chofunika kusintha. Ngati ikuyandikira 100, fani imodzi ya mamilimita 120 yoloza pa chitsulo cha VRM nthawi zambiri imatsitsa kutenthako mokwanira, pa mtengo wochepa kwambiri kuposa wa monoblock.