Kuchira ku chipatala nkwaulere kapena ayi? Funsani mimba idakali yaing'ono

Amayi oyembekezera, azibambo awo, apongozi ndi inu nonse amene mumapita nawo ngati magadiyani, uthengawu ndi wanu. Pa sikelo pamamveka nkhani ziwiri, wina amati ine ndinachira osalipira olo tambala, wina amati ife anatipatsa bilu mpaka tinagulitsa mbuzi, ndiye mayi wa mimba yoyamba amangosokonezeka osadziwa womvera. Onse awiriwo akunena zoona. Zimatengera kuti chipatalacho ndi cha ndani, ndipo ngati ndi cha mishoni, chili pa mgwirizano ndi boma kapena ayi.

Ku chipatala cha boma kaya ndi health centre ya kumudzi, kaya cha pa boma, kaya chachikulu ngati Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, sikelo ndi yaulere, kuchira nkwaulere, opaleshoni yotulutsa mwana ndi yaulere, magazi akafunika kukuwonjezerani simugula. Kupatula mukasankha nokha kukagona ku wodi yolipira, imeneyo ndi nkhani ina ndipo palibe amene akuyenera kukukankhirani kumeneko. Munthu wa yunifomu akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti akuthandizeni msanga, chimenecho ndi chiphuphu basi, si mtengo wa chithandizo.

Nkhani yavuta ndi ya ku mishoni

Zipatala za mipingo zili pansi pa bungwe la CHAM, ndipo ndi zambiri, zimathandiza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Nkhoma, Ekwendeni, Embangweni, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa, Likuni, Mua, Mlambe, zonsezi ndi za m'banja limenelo, osawerengera tizipatala ting'onoting'ono tambirimbiri. Malipiro a ogwira ntchito ambiri kumeneko amachokera ku boma koma mankhwala, magetsi, mafuta a ambulasi ndi zina amazipeza okha, nchifukwa chake amalipiritsa. Ndiye taganizani mudzi umene chipatala chapafupi ndi cha mishoni chokha, cha boma chili kutali koti kabaza akulipiritsani ndalama ya thumba la chimanga. Kale mayi wotere amangoti bola kwa azamba.

Mu 2006 boma linayamba kusainirana ndi zipatala za CHAM mgwirizano umene a zaumoyo amangouti SLA. Mmene umayendera ndi motere: ofesi ya zaumoyo ya pa boma imagwirizana ndi chipatala cha mishoni cha kudera kumene kulibe cha boma pafupi kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa osalipira, chipatalacho chimalemba aliyense amene chamuthandiza nkutumiza bilu, akuluakulu amaitsimikiza kenako ndalama imalipidwa. Ndiye sikuti chithandizocho chilibe mtengo ayi, mtengo ulipo, kungoti bilu ija m'malo mobwera kwa inu ikupita kwina. Kafukufuku amene anachitika pambuyo pake anaonetsa kuti kumene SLA inafika amayi obwera ku sikelo komanso ochirira ku chipatala anachuluka, zomwe sizodabwitsa, anthu sankadana ndi chipatala, ankaopa bilu.

Koma apa mvetsetsani chifukwa ndi pamene ambiri amapwetekekera. Si chipatala chilichonse cha mishoni chili ndi SLA. Ndipo chimene chili nayo, mgwirizanowo umakhala ndi malire ake, umatchula midzi kapena dera limene anthu ake akuyenera kupindula komanso mtundu wa chithandizo, ndiye mutha kupeza kuti mnzanu wa tsidya lino la mtsinje sanalipire inu wa tsidya linalo mwalipira, kapena kuchira kunali kwaulere koma malungo amene abambo anadwala ali pa ugadiyani alipiritsidwa. China, boma lakhala likuchedwa kulipira mabilu amenewa ndipo zinachitikapo kuti zipatala zina zinaimitsa kaye mgwirizano ngongole itakula nkuyambanso kulipiritsa. Pambuyo pa Cashgate ya 2013 mayiko otithandiza anasiya kuponya ndalama zawo mu thumba la boma, ndipo ena mwa iwo anakhazikitsa thumba lapadera la zaumoyo, Health Services Joint Fund, limene lakhala likuthandiza kulipira ma SLA. Zinathandiza ndithu, komabe chinthu chodalira ndalama ya alendo sungachigonere tulo.

Choncho tsiku loyamba la sikelo, musanachoke, funsani anamwino kapena a ku ofesi yolipirira mafunso awa mosachita manyazi: chipatala chino chili pa SLA chaka chino? Mudzi wathu uli momwemo? Nanga zikavuta nkufunika opaleshoni kapena kunditumiza ku chipatala chachikulu, ndani alipire ambulasi? Mwana akabadwa wodwala nkugonekedwa, zimenezo zili mu mgwirizano? Mimba ikafika miyezi 8 funsaninso, zinthu zimasintha pakati pa chaka. Mukalipira chilichonse landirani lisiti.

Chifukwa chake boma likulimbana nazo

Manambala ake anali oopsa. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2000 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 1,120 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Mu 2004 anali 984, mu 2010 anatsika kufika 675, ndipo wa 2015 mpaka 2016 anapeza 439, nthawi imeneyo amayi 91 mwa 100 aliwonse anali akuchirira ku chipatala. Zimene zimapha amayi ndi zodziwika kale, kutaya magazi kwambiri, BP yokwera mpaka kukomoka, matenda olowa m'chiberekero akachira, mwana kukanirira panjira, ndi mavuto a mimba yochoka. Zonsezi zimafuna munthu wophunzira, mankhwala, magazi ndi fiyeta pafupi, ndipo mayi amene wayamba kutaya magazi atachira atha kupita m'maola awiri okha.

Mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa, mafumu ambiri nkuika chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku kwa ochirira pakhomo, Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu inatchuka kwambiri pa nkhondo imeneyi. Kunena mosapsatira, kuletsa azamba kwinaku chipatala chapafupi chikulipiritsa kukanakhala kumupanikiza mayi wosauka mbali zonse, kwa azamba chindapusa, ku chipatala bilu. Nchifukwa chake nkhani ya amene amalipira si ya ma ofesi okha ku Capital Hill, imafika mpaka pa mphasa.

Ya ndalama zopatsa amayi ija inatha

Anthu a ku Balaka, Dedza, Mchinji ndi Ntcheu mukukumbukira kuti kuyambira 2013 panali pologalamu imene mayi akachirira ku chipatala nkukhala maola 48 akuonedwa ndi anamwino ankalandira kandalama kobwezera thiransipoti ndi zina, ndipo zipatala nazo zinkalandira ndalama yowonjezera malinga ndi mmene zagwirira ntchito, osati kuchuluka kwa anthu kokha koma ngati zatsata ndondomeko, mwachitsanzo kuyeza BP, kulemba bwino mmene matenda akuyendera, kukhala ndi mankhwala oletsa kutaya magazi. Dzina lake linali RBF4MNH ndipo ndalama zake zinkachokera ku Norway ndi Germany. Inatha mu 2018. Tikunena izi chifukwa mpaka lero pali ena amafika ku chipatala opanda ya pobwerera poganiza kuti akalandira komweko, ena mpaka kumanena anamwino kuti adya ndalama zawo. Musadalire zimenezo pokhapokha a chipatala chanu akuuzani okha kuti kuli pologalamu ina yatsopano.

Panopa chimene unduna wa zaumoyo ukuyesa, mu pulani yake ya 2023 mpaka 2030, ndi kutumiza kandalama mwachindunji ku ma health centre kuti babu likapsa mu chipinda chochirira kapena mpope ukawonongeka asamadikire ku boma miyezi, komiti ya chipatala izitha kukonza yokha. Ngati kwanuko zayamba, komiti imeneyo muli anthu a m'mudzi mwanu momwemo, afunseni ndalama yabwera zingati ndipo yagula chani.

Zaulere koma thumba limapepukabe

Apa tisanamizane. Olo chipatala chisakulipiritseni, mimba imadya ndalama. Thiransipoti ya ku sikelo, ndipo masiku ano akulangiza kuti muonane ndi a zaumoyo ka 8 mimba isanathe, kuyamba miyezi itatu isanakwane. Zitenje zingapo zochapa bwino, beseni, sopo, pepala lapulasitiki loyala, lezala latsopano, tochi poti magetsi sadalirika, zovala ndi kachipewa ka mwana, zipatala zimasiyana pa zimene zimafuna ndiye tengani mndandanda kwa anamwino anu. Mukapita kukadikirira ku chipatala mwezi womaliza, ufa, ndiwo, nkhuni kapena makala ndi zanu, za inu ndi gadiyani. Nthawi zinanso mankhwala amatha mu famase nkukuuzani kuti mukagule. Imeneyi ndi mbali imene kusintha konse kwa boma sikunaifikebe bwinobwino.

Ndiye azibambo, ntchito yanu ndi imeneyi. Yambani kusunga mwezi umene mwadziwa kuti kunyumba kuli pakati, pang'onopang'ono, ku banki m'khonde kapena mu foni pa Airtel Money kaya Mpamba, ndalama imeneyo ikhale yosakhudza olo kubwere maliro a kwa neba. Gwirizanani ndi wa njinga yamoto kapena wagalimoto mmodzi amene angadzuke usiku, sungani nambala yake mu foni ziwiri. Sankhaninso gadiyani msanga ndi wina wotsala ndi ana pakhomo. Ndipo mugwirizane pabanja kuti matenda akayamba bambo kulibe, mayi anyamuke osadikira chilolezo cha wina aliyense, kaya ndi amalume kaya apongozi.

Ku sikelo musajombe poti zimene amapereka kumeneko mukanati mugule zikanakudyerani zambiri: Fansidar woteteza malungo, neti, mapilisi owonjezera magazi, katemera wa kafumbata, kuyeza HIV ndi chindoko, kuyeza BP. Buku la kuchipatala liziyenda nanu paliponse.

Izi zikachitika nyamukani, za bilu muziona pambuyo

Magazi akutuluka kumusi olo pang'ono. Mutu ukupweteka kwambiri, maso akuchita chidima, nkhope ndi manja zatupa. Kukomoka kapena kugwedezeka ngati khunyu. Thupi latentha. M'mimba mukupweteka kosalekeza. Mwana wasiya kugunda kapena akugunda mofooka kusiyana ndi masiku onse. Nsupa yasweka koma matenda sanayambe. Matenda atenga maola oposa 12 mwana osabadwa. Pamenepa pitani ku chipatala chimene chili pafupi kwambiri olo chikhale cholipira, ngongole imakambidwa mawa. Ndipo chonde mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda, mwanamphepo uja, asiyeni, amatha kung'amba chiberekero.

Amene munachitidwapo opaleshoni pa mimba yapita, amene muli ndi mapasa, a BP, atsikana achichepere a mimba yoyamba, ndi amene mwabereka kambirimbiri, anamwino akakuuzani kuti mukachirire ku chipatala chachikulu mverani ndipo pitani masiku asanakwane. Mukachira musathamangire kutuluka, tsiku loyamba ndi limene magazi amavuta, ndipo masiku obwereranso kukaonedwa inu ndi mwana amene akulemberani m'buku muwasunge, nawonso ndi aulere ku chipatala cha boma.

Mukalipiritsidwa mosayenera

Zipatala za pa boma ndi zikuluzikulu zili ndi munthu wolandira madandaulo amene amamutchula kuti Hospital Ombudsman, funsani ofesi yake. Ku health centre yambani ndi mkulu wa pamalopo kapena wa komiti ya chipatala, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu atha kukulozerani. Nenani tsiku, ndalama zake ndi chimene anati mukulipirira, ngati pali lisiti ndiye bwino kwambiri. Pa mafunso a mimba ndi mwana mutha kuimba ku Chipatala Cha Pa Foni pa 54747, pa Airtel ndi ulere.

Abale athu amene muli ku Joni, kumeneko amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 6 akhala akuthandizidwa ulere mu zipatala za boma kuyambira 1994, ndipo mu 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti izi zikukhudza mayi aliyense posatengera dziko lochokera kapena mapepala. Pa geti ndi pa kauntala nthawi zina amakuvutitsanibe, zimenezo zimamveka, koma lamulo lili mbali yanu, ndiye yambani sikelo msanga kuti khadi lanu likhale lotsegula kale tsiku la matenda lisanafike.