Mashingozi si moto wa afiti

Ndatopa ndi mawu akuti "ndi ziwengo chabe". Ndinawamva kwambiri nthawi imene ndinkagwira ntchito ya khungu ku Antananarivo, likulu la Madagascar, ndipo odwala okha sindingawanene, ife achipatala timawalankhulanso. Ku Madagascar anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV safika ngakhale mmodzi pa akuluakulu 100 alionse, pamene kwathu ku Malawi anali pafupifupi 9 m'chaka cha 2021. Kuchepako ndiye msampha. Kumeneko munthu akatuluka nsungu, maganizo oyeza magazi amabwera pomalizira, ndipo ambiri amene ali nako sakudziwa.

Chonsecho khungu ndi m'kamwa zimaulula msanga. Mashingozi pa munthu wazaka 25, matuza otentha ngati moto mbali imodzi ya thupi, akufuna kuyeza magazi tsiku lomwelo. Chimodzimodzi zoyera ngati chambiko palilime la munthu wamkulu. Zikatsikira kukhosi mpaka kumeza n'kumapweteka, chitetezo chatsika kale kwambiri. Tiziphuphu toyabwa m'mikono ndi m'miyendo tosiya mabala akuda anthu amati ndi udzudzu. Udzudzu wanji woluma miyezi 6? Zidzolo za m'manja ndi kumapazi zosayabwa, ganizirani chindoko, chomwe pachilumba cha Madagascar n'chofala.

Mnyamata wina wokoka ngolo samandichoka m'mutu. Mashingozi anamugwira kawiri. Koyamba anapita kwa ombiasy, asing'anga akumeneko, n'kuuzidwa kuti wina wamuponyera. Kachiwiri anagula mafuta a betamethasone kwa ogulitsa mumsewu. Mafuta amenewa amaziziritsa kuyabwa, inde, koma amafooketsa chitetezo cha khungu, matenda n'kumafalikira mwakachetechete. Mankhwala enieni a mashingozi, acyclovir, amathandiza bwino akayambidwa m'masiku 3 oyamba. Iye anafika kwa ife patapita zaka ziwiri, miyendo itatupa gwa, ili ndi mawanga akuda osapweteka. Nditamuyasamitsa n'kuwalitsa tochi, kumwamba kwa kamwa kunali chibanga chofiirira. Khansa ya Kaposi, imene imakonda kugwira anthu amene HIV yawatsitsa chitetezo.

Mawanga a Kaposi akakhala ochepa, ma ARV okha nthawi zambiri amawabweza. Ake anali atafika pofuna mankhwala a khansa, ndipo ankatsokomola kale. Anandionetsa timachubu topanda kanthu tomwe anasunga m'jumbo, tokwana 11, n'kundifunsa ngati ndingamulembere mafuta amphamvu kuposa amenewo.