Opaleshoni yokunga nkhope ikapanda kukoma, tingakonze ziti?

Mayi wina wa zaka za m'ma 50 analowa m'chipinda changa choonera odwala atamanga duku mpaka kuphimba makutu onse, chonsecho kunja kukutentha. Atakhala pansi anamasula dukulo pang'onopang'ono, n'kutembenuza mutu kuti ndione m'mbali. Kunsi kwa khutu, paja timaboola ndolo, kunali kutakokeka n'kumatirira ku tsaya. Kuseri kwa khutulo kunali chipsera chonenepa ngati chala cha mwana. Panali patatha miyezi 14 chiwachitireni opaleshoni yokunga nkhope, ija amati facelift, kudziko lina kumene anapita pa ndege n'kubwerako patangotha sabata imodzi.

"Adokotala, mungondikokako pang'ono mbali inayi kuti zifanane," anatero.

Ndinawayankha kuti, mayi, kukokako ndiye gwero la zonsezi.

Khungu la kumaso ntchito yake n'kufunditsa basi, silinalengedwe kuti lizisenza katundu. Pansi pake pali chikuta cholimba cha minofu chimene madokotala timachitcha SMAS, chomwe Vladimir Mitz ndi Martine Peyronie anachifotokoza bwino mu 1976 ku France. Kale, kuyambira nthawi ya madokotala a ku Germany monga Eugen Holländer ndi Erich Lexer kumayambiriro a zaka za m'ma 1900, ankangodula khungu lotsala n'kulikoka. Lero opaleshoni yabwino imanyamula chikuta chapansicho n'kuchimanga pamalo olimba, khungu n'kungoyalidwa pamwamba mosakoka. Mu 1990, Sam Hamra wa ku Dallas anafalitsa njira yolowa pansi kwambiri, yotchedwa deep plane, pa cholinga chomwechi. Dokotala akasiya katundu yense pa khungu, zimachitika n'zimene amadziwa aliyense wokunga ng'oma: chikopa chimafooka pamene pali zikhomo. Pankhope zikhomo zake ndi ulusi wozungulira khutu, n'chifukwa chake ntchito yolakwika imaonekera kumakutu isanaonekere kwina kulikonse.

Koma si nkhope iliyonse yosasangalatsa mwini wake imene yalakwika. Sabata zoyambirira nkhope imatupa, mbali ina kuposa inzake, khungu limauma gwa, masaya amachita dzanzi, ndipo munthu akadziyang'ana pagalasi amaona mlendo. Ambiri amalira nthawi imeneyi, ena amafuna kubwerera ku fiyeta mawa lomwe. Kutupa kwakukulu kumaphwa m'sabata zingapo, koma minofu imatenga miyezi kuti ifewe, ndipo chipsera chimapitiriza kusintha mpaka chaka chathunthu kapena kuposerapo. N'chifukwa chake sitikhudzanso nkhope ndi mpeni isanathe miyezi isanu ndi umodzi, ndipo nthawi zambiri timadikira chaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chosadikira chilipo. Tsaya limodzi likatupa mwadzidzidzi, n'kulimba, n'kumapweteka kwambiri, makamaka m'maola 24 oyamba, ndiye kuti magazi aundana pansi pa khungu. Ili ndilo vuto limene limachitika kawirikawiri pa opaleshoniyi, makamaka kwa abambo ndi kwa anthu a BP. Magaziwo akapanda kuchotsedwa msanga amapha khungu lapamwamba pake. Chimodzimodzi khungu likayamba kuda kuseri kwa khutu, kapena pakatuluka mafinya thupi likutentha. Zikatere thamangirani kuchipatala usiku womwewo, osayamba mwatumiza zithunzi pa WhatsApp.

Nthawi yodikira ikakwana, zambiri zimatheka. Khutu lokokeka timalimasula, n'kumanga minofu yapansi kuti isenze katundu, kenaka n'kuumbanso kunsi kwake kuti kulendewere monga kale. Ngati khungu lilipo lokwanira, ndi ntchito yaing'ono yongobaya mankhwala a dzanzi pamalopo. Tsitsi la patsogolo pa khutu likakwera m'mwamba kapena kuthothoka motsata chipsera, timazula tsitsi kunkhongo limodzilimodzi n'kulibzala pamenepo. Nkhope yooneka ngati ikuwombedwa ndi mphepo, mizere itachoka pakamwa kulowera kumakutu, imafuna kutsegulanso konse, kumasula zimene zinamangidwa chopingasa, n'kunyamula masaya cholozera m'mwamba. Kawirikawiri timawonjezeranso mafuta otengedwa pamimba kapena pantchafu pa munthu yemweyo, chifukwa ukalamba sikugwa kwa khungu kokha, nkhope imaphwanso. Pakhosi, dokotala akachotsa mafuta ambiri pansi pa chibwano pamatsala dzenje, minofu iwiri itaima m'mbali ngati zingwe. Timaisoka pamodzi pakati n'kudzaza dzenjelo.

Nkhani ya zipsera ndiichedwerepo, chifukwa ife akhungu lakuda imatikhudza mwapadera. Ambiri tinaonapo mtsikana amene anaboola khutu, pamalopo n'kumera chotupa cholimba chonyezimira ngati nthudza. Imeneyo ndi keloid, chipsera chimene sichidziwa poimira, chimakula kupitirira bala lenilenilo. Imakonda khungu lakuda kuposa loyera, imayenda m'magazi a pabanja, ndipo makutu ndi amodzi mwa malo amene imawakonda. Tsono mpeni wa facelift umadutsa pomwepo. Pali chipsera china chonenepa koma chosapitirira malire a bala. Chimenechi chimabwera kwambiri chifukwa chokoka, ndipo chimaphwa ndi nthawi. Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika, chifukwa keloid ukangoidula osachitapo china imabwerera, nthawi zina yaikulu kuposa poyamba. Timayamba ndi jakisoni wa triamcinolone wobaya m'chipseramo mobwereza pakapita sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi, pamodzi ndi timapepala ta silikoni tomata tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo. Jakisoniyu ali ndi khalidwe lake: akachuluka amayeretsa khungu pamalopo n'kulipyapyalitsa, ndipo pa munthu wakuda banga loyeralo limaonekera patali. Tikafika podula, timatsatiza jakisoni kapena radiotherapy yochepa, chithandizo chowalitsa cheza champhamvu pamalopo. Ndimadabwa ndikamva kuti munthu anagonekedwa pa tebulo popanda womufunsa ngati iye kapena abale ake ali ndi zipsera zotere. Ndi funso la mphindi imodzi.

Za mitsempha, umene umavulala kawirikawiri ndi umene umapangitsa khutu kumva kukhudza, ndipo munthu amatsala ndi dzanzi kunsi kwa khutu. Choopsa kwambiri ndi nthambi za mtsempha woyendetsa nkhope: nsidze imodzi imakana kukwera, kapena mlomo wapansi umapotoka pomwetulira. Mwamwayi, nthawi zambiri mtsemphawo umakhala utangofinyika, osaduka, ndipo umadzuka wokha pakapita sabata kapena miyezi. Podikirapo, Botox pang'ono, jakisoni wofooketsa minofu kwa kanthawi, wobayidwa mbali yabwinoyo amathandiza kuti nkhope ilingane.

Opaleshoni yachiwiri ndi yovuta kuposa yoyamba, ndipo dokotala wokuuzani kuti ndi kungokonza pang'ono mumukayikire. Telala aliyense amadziwa kuti kusoka nsalu yatsopano n'kosavuta kusiyana ndi kukonza diresi imene wina anaidula mopereweza. Khungu lodulidwa silibwerera. Mkatimo zipsera zimakhala zitamata zikuta zimene poyamba zinkasiyana mosavuta, SMAS imakhala itapyapyala, ndipo mitsempha sikhalanso pamene buku limanena. N'chifukwa chake ndimapempha lipoti la opaleshoni yoyamba ndi zithunzi zakale. Opita kunja ambiri amabwera chimanjamanja, ngakhale dzina la amene anagwira mpeni osalidziwa. Okhala ku Britain adziwenso kuti NHS, nthambi ya zipatala za boma kumeneko, imathandiza pangozi monga magazi kapena mafinya, koma kukonza maonekedwe kawirikawiri ndi kwa m'thumba mwanu. Musanasankhe dokotala wachiwiri, onani ngati analembetsedwa monga katswiri wa plastic surgery, maopaleshoni okonza maonekedwe a thupi, kubungwe loyang'anira madokotala: ku Britain m'kaundula wa GMC, ku South Africa wa HPCSA, kwathu ku Medical Council of Malawi.

Mbali yanu nayo ilipo. Fodya amafinya timitsempha ta magazi todyetsa khungu, ndipo khungu lotsegulidwa kachiwiri silikhululuka. Wosuta asiye kwa sabata zosachepera zinayi opaleshoni isanachitike ndi zinayi pambuyo pake. BP ndi shuga zikhale m'malo. Asipirini ndi mankhwala azitsamba muziwatchula, osabisa. Mafuta oyeretsa khungu, makamaka okhala ndi mankhwala otchedwa steroid, amapyapyalitsa khungu n'kuchedwetsa bala kupola, koma ndi ochepa amene amavomera okha kuti amadzola mpaka nditafunsa kachitatu.

Ena ndimawabweza. Munthu akabwera ndi galasi lokulitsa kudzandionetsa chilema chimene ine sindikuchiona ngakhale nditayandikira, wadutsa kale kwa madokotala atatu, mpeni wachinayi sungamupatse mtendere. Ameneyo ndimamutumiza kwa anzanga oona za maganizo, ngakhale ena amachoka atakwiya.

Mayi aja sitinawakoke mbali inayo. Tinayamba ndi jakisoni kwa miyezi isanu mpaka chipsera chinafewa n'kuphwa, kenaka tinamasula makutu onse awiri. Lakumanzere linatsala locheperako pang'ono, ndipo mzere wa kuseri ukadaoneka munthu akapinda khutulo. Atafunsa ngati angaboolenso kuti azivala ndolo, ndinakana, anagula zopana.