Hita ikamatulutsa mphepo yozizira, yang'anani madzi a mu injini

Mwezi wa June ukafika kuno ku Zomba m'pamene anthu amakumbukira kuti galimoto yawo ili ndi hita. Chiperoni chakuta phiri, galasi lakutsogolo lachita nkhungu, munthu akupotokola batani koma mphepo ikubwera yozizira ngati ya pa damu la Mulunguzi. Ambiri amangopukuta galasilo ndi kansalu n'kumapita, amvekere hita ndi ya kumayiko achisanu. Ine monga makaniko mawu amenewa amandidetsa nkhawa, chifukwa hita ilibe moto wakewake. Imatenthedwa ndi madzi omwewo amene amaziziritsa injini. Pampu imazunguliza madzi mu injini, ambiri amapita ku rediyeta kukazizira, ena amapatukira m'karediyeta kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi. Kameneko ndiye hita. Choncho ikaleka kutentha, kawirikawiri ikuulula vuto lomwe mu October lidzakuimitsani panjira ya ku Liwonde, boneti ili yasa.

Yambani ndi madzi, m'mawa musanalize galimoto. Akachepa, mpweya umalowa m'mapaipi ndipo hita ndi imene imayamba kusowa madzi. Musangothira ena n'kuiwala, madzi sathawa okha. Onani pansi pomwe galimoto inagona, onani m'mapaipi ndi pa pampu ngati pali zoyera kapena zofiirira zouma ngati mchere. Kapeti akamanyowa kumapazi, m'galimoto mukumveka kafungo kotsekemera, ndiye kuti karediyeta ka hita kabooka.

Ngati madzi ali odzaza, lizani injini itenthe, kenako gwirani mosamala mapaipi awiri a labala olowera kuseri kwa dashibodi. Onse akatentha, madzi akuyenda bwino, vuto lili pa kachitseko kosakaniza mphepo m'katimo. Ina ikatentha ina ili zii, hita yatsekeka ndi dzimbiri. Onse akakhala ofunda chabe mutayenda mtunda wautali, ganizirani thermostat.

Apa ndiye pamene ndimatsutsana ndi anzanga ena a ntchito yomweyi. Galimoto ikangofika kuchokera ku Japan, kaya ndi Sienta, Vitz kapena Probox, ena amathamangira kuchotsa thermostat ati kuno n'kotentha. Kachipangizo kameneka ndi mlonda wa pakhomo: kamatseka njira ya ku rediyeta injini ikadali yozizira, ndipo pa ma Toyota ambiri kamayamba kutseguka madzi akafika madigiri 82. Katatseguka madzi amadutsa bwinobwino kupita ku rediyeta. Mukakachotsa, injini imachedwa kutentha, kompyuta imaganiza kuti kudakali m'mawa n'kumathira petulo wochuluka, zitsulo zimadyeka msanga, hita nayo imafooka. Pa magalimoto opanda geji yoonetsa kutentha kwa injini mudzaona kanyali kabuluu kakuchedwa kuzima, mwina n'kuyakanso mukamatsetsereka kuchokera ku Ku Chawe. Chowawa kwambiri n'chakuti ngati injiniyo inkatentha mopitirira, chimene chinkaitenthetsa chimakhala chidakalipo, changobisika. Thermostat ikafa, gulani ina, musasiye malo ake opanda kanthu.

Kutentha kwa injini nako kumanena komwe kukuchokera, mukamatchera khutu. Geji ikamakwera mutaima pamzere pafupi ndi msika koma n'kutsika mukayamba kuthamanga, fani ya rediyeta sikuzungulira. Yang'anani fyuzi, relay kapena mota yake. Ikamakwera mukamathamanga kapena pokwera phiri, rediyeta yatsekeka m'kati, kapena zipsepse zake zadzaza matope ndi udzu, kapenanso pampu yatopa.

Chitsekerero cha rediyeta anthu amachipeputsa, pomwe pamsewu wa kuphiri ndi chimene chimakupulumutsani. Munthu akamakwera m'mwamba madzi amawira asanafike madigiri 100. Chitsekerero chabwino chimasunga mphamvu ya mpweya pafupifupi bar imodzi, ndipo madziwo sawira mpaka cha m'ma 120. Labala wake akang'ambika, mphamvuyo imathawa. Madzi a pampopi kapena a mumtsinje nawo amabala dzimbiri, n'chifukwa chake ndimalimbikira coolant, madzi apadera a mu rediyeta amene amateteza zitsulo. Koma musunge patali ndi ana ndi agalu: amatsekemera, koma ndi poizoni.

Muvi wa geji ukayandikira pofiira muli pakati pa chitunda, zimitsani eyakoni, tsegulani mawindo, yatsani hita mpaka kumapeto kuti ikoke kutentha kwina, ndipo imani pamalo abwino oyamba. Dikirani theka la ola kapena kupitirira musanakhudze chitsekerero. Ndinaonapo mnyamata wa minibasi atasupuka nkhope ndi mkono chifukwa chofulumira, sindifuna kudzaonanso. Musathirenso madzi ozizira mu injini yotentha, mutu wake ungang'aluke.

Pali zizindikiro zimene sindikufuna muzinyalanyaze ngakhale tsiku limodzi: utsi woyera wochuluka kumbuyo injini itatentha kale, thovu lotuluka mosalekeza m'madzi, oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, ndi madzi omangotha popanda podontha. Pamenepo kawirikawiri ndiye kuti gasiketi ya mutu wa injini yapsa. Mukabwera nayo msanga timasintha gasiketiyo ndi kupalitsa mutuwo ngati wapindika pang'ono. Mukapitiriza kuyenda nayo ndi zigubu za madzi kubuti, tidzakhala tikukambirana zogula injini ina.