Black hole sikubwera kudzameza dziko

Nthawi ndi nthawi pa WhatsApp pamayenda mphekesera yoti asayansi aona black hole (chinthu chakuthambo chokoka mwamphamvu kwambiri moti ngakhale kuwala sikungatulukemo) ikubwera kudzameza dziko lapansi. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza.

Zimene asayansi amaona zili kutali kwambiri. Makina oonera zakuthambo ngati Chandra, omwe bungwe la ku America lofufuza zakuthambo la NASA linatumiza mu 1999, amalandira kuwala kwa X-ray kochokera ku mpweya wotentha koopsa umene umazungulira black hole zapakati pa milalang'amba yakutali, monga M87. Amawaika kuthambo chifukwa mpweya wa dziko lathu umatchinga kuwalako.

Black hole siyamwa zinthu zakutali ayi. Imakoka mofanana ndi chinthu china chilichonse cholemera ngati iyo. Yapakati pa mlalang'amba wathu, Sagittarius A*, ili kutali moti kuwala kochokera kumeneko kumatenga zaka pafupifupi 26,000 kuti kutipeze.