Kusiya kusamba: uthenga kwa amayi a mu Mzuzu

Mayi akamatuluka thukuta usiku mu June, m'kuzizira kwa Mzuzu kuno, anthu amathamangira kunena kuti ndi malungo, ena mpaka amati walodzedwa. Kwa mayi wa zaka 45 mpaka 55, kawirikawiri limangokhala thupi likukonzekera kusiya kusamba. Mahomoni otchedwa estrogen amayamba kuchepa, msambo nkumabwera modumphadumpha. Timati mayi wasiya kusamba pakatha miyezi 12 osaona msambo.

Thupi limatentha mwadzidzidzi kuyambira pachifuwa kukwera kumaso. Tulo timasowa, mtima umapsa msanga, mawondo amaphwanya, kuiwala kumachuluka. Kumaliseche kumauma, moti kukhala malo amodzi ndi bambo kumapweteka. Ichi ndiye chomwe amayi ambiri amabisa, ndipo mabanja amazizira nacho popanda wofunsa mnzake. Abambo, mkazi wanu sanakutayeni. Mankhwala ofewetsa alipo, funsani kuchipatala kapena kufamase. Zoti mayi wosiya kusamba akagona ndi mwamuna mimba imatupa n'zabodza.

Zaka zimenezi ndi zomwenso mayi amasenza zambiri: geni kumsika, fizi ya ana, adzukulu, makolo odwala kumudzi. Wosagona usiku ntchito zonsezi zimamulemera kawiri, choncho apabanja muzimulandirako.

Idyani usipa ndi minga yake yomwe, soya, nyemba ndi masamba, chifukwa mafupa amayamba kufooka. Yendani pansi tsiku lililonse. Chepetsani khofi, mowa ndi tsabola ngati zikuwonjezera kutenthako, ndipo fodya musiyiretu.

Mimba ikhoza kubwerabe. Pitirizani kulera mpaka patatha chaka chimodzi chisiyireni kusamba, kapena zaka ziwiri ngati simunakwane zaka 50. HIV siyang'ana msinkhu, kondomu ikadali yofunika.

Koma si zonse zomwe tingazikankhire ku msinkhu. Magazi akabweranso mutasiya kale kusamba, ngakhale kadontho, kapena akamatuluka mukagona ndi bambo, musadikire. Khansa ya khomo la chiberekero ndi yomwe imapha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse m'Malawi, pomwe ikapezeka msanga imachizika. Thukuta la usiku lobwera ndi chifuwa komanso kuwonda likhoza kukhala TB. Pitani ku Mapale kapena chipatala chomwe muli nacho pafupi. Kukafunika, adzakutumizani ku Mzuzu Central Hospital.